Boma lizibadwira mu palamenti

Mpaka lero pali anzathu ena kuno ku Joni amene akamakamba za chisankho cha pa 29 Meyi 2024 amanenabe kuti ku KwaZulu-Natal a Zuma anawabera. Akuti chipani chawo cha MK chinaposa zipani zonse kumeneko, mavoti 45 pa 100 aliwonse, nde zikutheka bwanji kuti amene akulamula chigawo chija ndi wa IFP? Funso limeneli limabwerabwera pa magulu athu a WhatsApp, ndalimvanso pa Park Station anthu akudikira katundu wochokera kumudzi, ndipo amene amafunsawo si anthu osaganiza ayi, ndi anthu amene anakulira m'dziko limene amene wafika koyamba amatenga zonse. Koma palibe anaba kanthu pamenepo. Nyumba ya malamulo ya chigawo chija ili ndi mipando 80. MK inapeza 37, EFF 2, pamodzi 39. IFP inapeza 15, ANC 14, DA 11, kachipani ka NFP mpando umodzi, mukaphatikiza ndi 41. Amene anakwanitsa 41 ndi amene anasankha a Thami Ntuli a IFP kukhala mkulu wa chigawo, basi.

Ine ndikuti njira imeneyi, yoti boma lizipangidwa ndi aphungu mavoti atawerengedwa kale ndipo aphungu omwewo azitha kuligwetsa, ndi yabwino kuposa yathu ya kumudzi ku Malawi, ndipo ndikufuna tiyikambe mosaopa ngakhale ndikudziwa kuti mzinda umene tikukhalawu ndi umboni waukulu wa anthu amene anganditsutse.

Choyamba timvetsetse mmene zimayendera, chifukwa ambiri a ife takhala kuno zaka koma sitivota nde sitinazilabadirepo. Munthu wa ku South Africa savotera pulezidenti. Nkhope ya a Ramaphosa mumayiona pa mapolo a magetsi ndi pa pepala lovotera, inde, koma voti imapita ku chipani. Nyumba ya malamulo ya dziko lonse ili ndi mipando 400 ndipo imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza, chipani chikapeza gawo limodzi mwa magawo khumi a mavoti chimatenganso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mipando. Chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa mayina chisankho chisanachitike, nde chikapeza mipando 39 ngati mmene inachitira EFF, amene ali pamwamba pa mndandanda ndi amene amalowa. Mu 2024 anthu analandira mapepala atatu, la dziko lonse, la mipando ya chigawo chawo mu nyumba yaikuluyo pamene panalinso oyima paokha koyamba, ndi la nyumba ya malamulo ya chigawo. Zotsatira zake ANC inatsika mpaka 40 peresenti, mipando 159, koyamba chiyambire 1994 kulephera kupitirira theka. DA 87, MK 58, EFF 39, IFP 17, Patriotic Alliance 9, ndi tizipani tina tambirimbiri mpaka tina ta mpando umodzi umodzi.

Apa nde pamene pali nkhani. Malamulo a dziko lino amati nyumba ya malamulo ikumane pasanathe masiku 14 chilengezereni zotsatira, ndipo pa tsiku loyamba lomwelo isankhe sipikala ndi pulezidenti. Ndiye a ANC analibe nthawi yomakoka zinthu, amayenera kupeza aphungu ena oti awonjezere pa 159 yawo ija. Amene tinali kuno tikukumbukira masiku amenewo mmene zinalili, mawailesi m'mataxi nkhani inali yomweyo, ena akuti apita ndi EFF, ena akuti ndi DA, mabwana athu kuntchito maso ali pa foni kuona mmene randi ikuyendera. Pa 14 Juni aphungu anakumana ku Cape Town mu holo ya misonkhano chifukwa nyumba yawo ija inapsa mu Janyuwale 2022, a MK ananyanyala tsiku limenelo, mkulu wa makhothi a Raymond Zondo ndi amene amatsogolera. A Thoko Didiza a ANC anakhala sipikala, wachiwiri wawo a Annelie Lotriet a DA, ndipo usiku womwewo a Ramaphosa anapeza mavoti 283, a Julius Malema a EFF 44. Kenako kunali kukokanakokana kwa maunduna mpaka pa 30 Juni pamene nduna zinalengezedwa.

Ndipo taonani mmene anagawanira. Unduna wa Home Affairs, umene tonse kuno timawudziwa chifukwa ndi kumene kuli nkhani ya mapemiti athu, unapita kwa a Leon Schreiber a DA. A John Steenhuisen anatenga ulimi. A Gayton McKenzie a Patriotic Alliance, amene aliyense wobwera kuno amadziwa zimene amayankhula zokhudza ife alendo, analowa mu kabineti ndi mipando 9 yokha, anawapatsa zamasewera ndi chikhalidwe. Ngakhale PAC ndi GOOD, zipani za mpando umodzi, zinapeza unduna. Sindikunena kuti zonsezi zinandikomera, kabineti ya nduna 32 ndi achiwiri oposa 40 ndi yaikulu mopitirira muyezo ndipo ndalama zake ndi za anthu osauka. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti aliyense anabwera pa tebulo ali ndi nambala yake m'manja. Palibe amene akanati ine ndili ndi anthu ambiri kumbuyo kwanga pomwe bungwe loyendetsa zisankho la IEC lawerenga kale kuti ali ndi aphungu awiri. Ndipo zimene anagwirizana anazilemba, chikalatacho chinatuluka poyera, aliyense atha kuwerenga, mpaka munalembedwa kuti akasemphana chinthu chidzadutsa pokhapokha zipani zokhala ndi 60 peresenti ya mipando zavomereza.

Tsopano tiyeni kumudzi. Ife timavotera pulezidenti payekha, phungu payekha, khansala payekha, tsiku limodzi. Pulezidenti akangolumbira boma ndi lake, nduna asankha amene akufuna kaya ndi phungu kaya ayi, ndipo aphungu sangamuchotse pokhapokha pa mlandu waukulu wofuna magawo awiri mwa atatu a nyumba yonse. Nde chimachitika nchiyani? Mu 2004 a Bingu wa Mutharika anawina ndi mavoti pafupifupi 36 peresenti pa tikiti ya UDF, mu Febuluwale 2005 anatuluka nkuyambitsa DPP, chipani chimene panalibe munthu ngakhale mmodzi anachivotera pa chisankho chija, koma chinakhala chipani cholamula ndipo aphungu anayamba kukhamukira komweko. Amene muli ndi zaka mukukumbukira nkhondo ya Section 65, lamulo lochotsa phungu wosamuka chipani, ndi bajeti mu 2007 ndi 2008, otsutsa akuti tiyambe tachotsa aphungu osamuka, boma likuti tiyambe bajeti, miyezi kumapita zipatala zikudikira. Otsutsa anali ambiri mu nyumba koma sakanatha kupanga boma lawo, boma linali ndi ochepa koma silikanagwa. Mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira a Joyce Banda nkutenga mpando, aphungu omwe aja anasamukanso ulendo wa ku PP, chipani cha a Banda. Vuto si lakuti aphungu athu anabadwa adyera kuposa a mayiko ena ayi, koma malamulo athu anaika mphamvu zonse ndi ndalama zonse pa munthu mmodzi amene nyumba ya malamulo singamukhudze, nde phungu amene akufuna mlatho kapena mjigo kwawo amapita kumene kuli munthu ameneyo.

Chigamulo cha makhothi cha pa 3 Febuluwale 2020 chinatithandiza kwambiri, zimenezo sindingatsutse. Chisankho cha 2019 chimene a Peter Mutharika anapeza 38.57 peresenti, a Chakwera 35.41 ndi a Chilima 20.24 chinathetsedwa, ndipo kuyambira pamenepo wowina ayenera kupitirira theka la mavoti. Palibenso kulamula dziko anthu 6 pa 10 aliwonse atakukana. Koma 50+1 inabweretsa vuto lina limene sitinalikonzebe, ikukakamiza zipani kugwirizana chisankho chisanachitike, pamene palibe akudziwa kulemera kwa mnzake, ndipo pangano lake limakhala la m'chipinda. Tonse Alliance inali ndi zipani 9, inawina pa 23 Juni 2020, anthu anavina m'misewu. Patangotha zaka ziwiri a Chakwera anawalanda a Chilima ntchito zimene anawapatsa, ndipo mu Julaye 2022 a Chilima anayima pamaso pa atolankhani kunena kuti panali pangano loti 2025 adzayime ndi iwowo. A mbali ya a Chakwera anakana. Ife ovota tinalibe pepala loti tiwerenge kuti tione amene akunena zoona. Unali ukwati wopanda ankhoswe, zinthu zitavuta panalibe koti nkukadandaula, ndipo UTM, chipani cha a Chilima, pamene inatuluka mu mgwirizano mu Julaye 2024, a Chilima atatisiya pa ngozi ya ndege ija ku Chikangawa, boma silinagwedezeke nkomwe.

Si zachilendo ayi. Mu 1994 UDF inapeza mipando 85 pa 177, MCP 56, AFORD 36. A Muluzi anaitana a Chakufwa Chihana nkuwapatsa udindo wa wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti kuti mabilu azidutsa. Mu 1996 AFORD inatuluka, nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo zinakhalabe m'boma, ndipo a Muluzi anapitiriza ngati palibe chachitika. Mnzako wa mgwirizano amene kuchoka kwake sikusintha kanthu ndiye kuti mawu ake ali m'katimo samvekanso.

Yerekezani ndi zimene zinachitika kuno mu 2025. Pa 19 Febuluwale nduna ya zachuma a Enoch Godongwana amayenera kuwerenga bajeti imene imakweza VAT kuchoka pa 15 kufika pa 17 peresenti. Zipani zina za m'boma momwemo zinakana mu kabineti, bajeti inaimitsidwa tsiku lomwelo aphungu atakhala kale pansi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambire 1994. Anabweranso ndi yokweza pang'ono, theka la peresenti, DA inavota motsutsa nkupitanso kukhothi pamodzi ndi EFF, ndipo kumapeto kwa Epulo boma linabweza, VAT inakhalabe pa 15. Tengani kalisiti kanu ka kushopu muone pansi paja pamene amalemba VAT. Sopo, shuga, eyataimu, magetsi ogula pa mita, zonsezo zikanakwera, ndipo msonkho umenewo sufunsa kuti uli ndi pemiti kapena ayi, mayi wa ku Mangochi amene amachapa m'nyumba za anthu ku Mayfair amalipira chimodzimodzi ndi bwana wake. Nthawi imene ANC inali ndi mipando yoposa 200 payokha bajeti imeneyo ikanadutsa mmawa umodzi. Inalephera chifukwa pulezidenti amadziwa kuti amene anamuika pampando akhoza kumuchotsa ndi mavoti 201. Ndipo kuno pulezidenti kuchoka nthawi yake isanakwane si nthano, a Thabo Mbeki anachoka mu Sepitembala 2008 chipani chawo chitawauza, a Jacob Zuma anatula pansi pa 14 Febuluwale 2018 voti yowachotsa itatsala tsiku limodzi, dziko silinathe.

Ndikudziwa zimene mukufuna kundiuza, abale anga a ku Rosettenville ndi ku Yeoville. Mukuti taona Joni. Ndipo mukunena zoona. Chichokereni chisankho cha makhansala cha Novembala 2021 mzinda uno wasintha mameya mochititsa manyazi. A Mpho Phalatse a DA anachotsedwa mu Sepitembala 2022, a Dada Morero a ANC anakhalapo masabata ochepa khothi nkubwezeretsa a Phalatse, mu Janyuwale 2023 anachotsedwanso, kunabwera a Thapelo Amad, patangopita miyezi itatu anatula, kunabwera a Kabelo Gwamanda, mu Ogasiti 2024 nawonso anatula nkubweranso a Morero. A Amad ndi a Gwamanda onse anali a Al Jama-ah, chipani cha mipando itatu pa mipando 270, anaikidwa pamenepo chifukwa zipani zikuluzikulu sizimafuna kupatsana mpando. Nthawi yonseyo maloboti osayaka, mipope youma masiku angapo, msewu wa Bree umene unaphulika mu Julaye 2023 kukhala chitsekere nthawi yaitali, ndipo pa 31 Ogasiti 2023 moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown unapha anthu 76, ena mwa iwo a kwathu, mitembo ina tinaisonkhera kuti ikafike kumudzi. Munthu amene anaona zimenezo sungamuuze kuti maboma a mgwirizano ndi abwino iye nkungovomera.

Koma tiyang'anitsitse chimene chinalakwika. Mu khonsolo ya Joni aliyense atha kubweretsa voti yochotsa meya asanapeze womulowa m'malo, ndipo palibe malire oti kachipani kayenera kupeza mavoti angati kuti kalowe, nde munthu wa mipando iwiri itatu amatha kugwira mzinda wonse pakhosi. Mayiko ena anazikonza kale zimenezi. Ku Germany chipani chimafunika 5 peresenti kuti chigawane nawo mipando, ndipo malamulo awo a 1949 amati simungachotse mtsogoleri wa boma pokhapokha pa voti yomweyo mwasankha wina womulowa m'malo. Chiyambire nthawi imeneyo zinatheka kamodzi kokha, mu 1982 pamene a Helmut Kohl analowa m'malo mwa a Helmut Schmidt, koma pafupifupi maboma awo onse akhala a mgwirizano. Kugwetsa nkophweka, aliyense wokwiya atha kukweza dzanja, koma kuuza anthu okwiyawo kuti agwirizane dzina limodzi kaye kumathetsa masewera ambiri. Zimene tikuona ku Braamfontein kumene kuli khonsolo ya Joni ndi malamulo osakwanira, ndipo malamulo amalembedwa ndi anthu.

Pali chinthu china cha kuno chimene sindingafune titengere, ndi nkhani ya mndandanda ija. Funsani mnzanu wa kuno amene mumagwira naye ntchito kuti phungu wake ndi ndani, akuyang'anani kaye. Alibe. Phungu wa kuno amaopa amene amalemba mndandanda ku likulu la chipani kuposa munthu wa ku Diepsloot, chifukwa akangochotsedwa mu chipani mpando wapita tsiku lomwelo. Iwo eni akudandaula nazo kuyambira kale, komiti ya a Frederik van Zyl Slabbert mu 2003 inanena kuti pakhale madera, sizinatheke, ndipo ngakhale oyima paokha analoledwa mu 2024 palibe ngakhale mmodzi anawina. Kwathu phungu timamudziwa, galimoto yake timaidziwa, kwawo timakudziwa, ndipo akatikhumudwitsa timamugwetsa, aphungu ambiri sabwerera kachiwiri. Chimenecho nchamtengo wapatali ngakhale tachiwononga pomusandutsa wogula mabokosi a maliro ndi wolipira fizi, mmawa kukacha pakhomo pake anthu ali ndii kudikira, pomwe ntchito yake yowerenga bajeti palibe amamufunsa.

Koma njira ya madera yokhayokha nayonso imataya mavoti a anthu ambiri. Mu 2019 a Chilima anapeza mavoti oposa miliyoni imodzi koma UTM inalowa mu palamenti ndi aphungu 4 pa 193, pomwe DPP inali ndi 62, MCP 55, oyima paokha 55. Ku Botswana mu 2024 UDC ya a Duma Boko inapeza mavoti 37 peresenti nkutenga mipando 36 pa 61, BDP inapeza 30 peresenti nkutenga mipando 4 yokha. Anthu anasangalala chifukwa BDP inali italamula zaka 58, koma masamu amenewo tsiku lina adzagwera chipani chimene inuyo mumachikonda. Ndipo kwathu ndi zimene zimalimbitsa zachigawo, munthu wa MCP ku Thyolo kapena wa DPP ku Dowa amadziwa kuti voti yake ya phungu sipita kulikonse, mapeto ake mapu a dziko amaoneka ngati mayiko atatu pomwe m'madera monsemo muli anthu oganiza mosiyana. Anzathu a ku Lesotho kuyambira 2002 anasakaniza, mipando 80 ya madera ndi 40 yokonzera masamu kuti chipani chilichonse chipeze molingana ndi mavoti ake. Nawonso maboma awo anagwaigwa, anavota 2012, 2015, 2017, chifukwa aphungu amasamuka mmene afunira, nde phunziro lake ndi lomwelija, kusakaniza kokha sikokwanira popanda kutseka khomo la kusamuka.

Pa 16 Sepitembala 2025 tinavotanso, madera tsopano ndi 229, a Peter Mutharika anawina ndi 56.8 peresenti ndipo a Chakwera anavomera, zimenezo ndi ulemu wa dziko lathu. Koma taonani mmene tinakambira chisankho chimenecho kuno, tonse maso anali pa pulezidenti, tinaimbira mafoni kumudzi kuwauza amayi ndi amalume kuti avotere uje, ife eni osavota chifukwa kulibe dongosolo loti wa kunja avote ali konko, koma ndi angati tinafunsa kuti phungu amene wayima kwathu akapambana adzakhala mbali iti? Oyima paokha analowanso ambiri, ndipo ambiri mwa oterowo amakhala anthu amene anagwa pa mapulaimale a chipani, akangowina amabwerera kapena kupita kumene kuli boma, ovota osafunsidwa.

Sindikulota kuti mawa lino Malawi asintha malamulo ake onse nkukhala ndi pulezidenti wosankhidwa ndi aphungu, amene ali pampando sangadule nthambi imene akhalira, ndipo anthu ambiri kumudzi voti ya pulezidenti anaimenyera nkhondo mu 1993 ndi 1994 sangaipereke wamba. Ngakhale zili choncho ine ndi kumene ndikufuna tidzafike, ndipo pali zina zoti tingayambe kuzifuna panopa. Pangano lililonse la mgwirizano wa zipani lizikaperekedwa ku MEC pamodzi ndi mapepala a woyimira, liwerengedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka anthu asanavote. Phungu amene wasamuka, kaya anali wa chipani kaya woyima payekha, mpando uzikhala wopanda munthu pompopompo abwerere kwa anthu akapemphenso, osadikira kuti sipikala kapena khothi lidzaone chaka chamawa. Section 64 imene inkatipatsa mphamvu yochotsa phungu, imene aphungu eni anaichotsa mu 1995, ibwerere. Ndipo pa mipando 229 ija ina ichotsedwe ku madera ikhale ya masamu a zipani, kuti munthu miliyoni akavotera chipani asamapezeke ndi aphungu anayi.